Mayi wa mandasi nayenso ndi wabizinesi



Akamanena pa wailesi zothandiza mabizinesi kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, timangoganiza za mafakitale a ku Makata kapena ku Kanengo, eti? Komatu mayi wokazinga mandasi 4 koloko m'mawa ku Ndirande alinso pa bizinesi. Wa chiwaya cha tchipisi chimodzimodzi. Ndipo ambiri mwa iwo amadalira makala kapena nkhuni.

Tisanamizane, mpweya umene Malawi amatulutsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa maiko olemera. Koma mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy sanafunse zimenezo. Matope anatsika m'phiri la Soche, lomwe mitengo yake inatha kalekale, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe.

Ine fizi yanga ya ku yunivesite inachokera m'mandasi a mayi anga. Ndikudziwa maso ofiira aja, ndi chifuwa chosatherapo chija. Utsi umenewu usanafike kumwamba umayamba wadutsa m'mapapo mwa mzimayi.

Mu 2020 boma linakhwimitsa zilango m'lamulo la nkhalango. Chabwino. Koma ukalanda matumba a makala pamsewu osapereka njira ina, mtengo umangokwera, ndipo woluza ndi mayi uja.

Njira zilipo: chitetezo mbaula yosatha nkhuni, mabriketi a utuchi kapena mankhusu a mpunga, komanso gasi. Vuto ndi mpamba. Silinda ya gasi imafuna ndalama zambiri kamodzi, pamene makala umagula kajumbo ka lero lokha. N'chifukwa chake wosauka amakakamira utsi, si umbuli ayi.

Ndiye tichite ziwiri. Choyamba, ku banki mkhonde kwanu kayambitseni thumba lapadera la mbaula ndi silinda, muzigulirana mmodzimmodzi ngati chipereganyu. Lembani mukope ndalama za makala za sabata iliyonse, musanasinthe komanso mutasintha. Manambala amenewo ndi amene tidzapite nawo kwa obwereketsa ndalama ndi kukhonsolo.

Chachiwiri, funsani mafunso. Makampani ena akagawa mbaula amawerengera utsi umene wachepa n'kukaugulitsa kunja ngati ma carbon credit. Akakupatsani pepala losaina, liwerengeni kaye, muwawerengerenso azakhali osadziwa Chingerezi. Funsani kuti: ndalama za utsiwu zikupita kwa ndani? Wophikayo apezapo zingati?

Wochepetsa utsiyo ndi ife. Pokambirana za ndalama zake, tikhalepo.