KUBWEREKA NTCHITO YA MNZAKO PA KOMPYUTA

Munthu wolemba mapulogalamu a kompyuta sayamba ntchito chimanjamanja. Kaŵirikaŵiri amatenga zimene anzake adalemba kale, nawonjezerapo zake. Koma cholembedwa chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo zimene mwiniyo walola kapena kuletsa zimalembedwa m'chikalata chotchedwa laisensi.

M'chaka cha 1989, Richard Stallman wa ku America adatulutsa laisensi yotchedwa GPL. Laisensi imeneyi imalola aliyense kugwiritsa ntchito pulogalamu, kuiphunzira, kuisintha, ngakhale kuigulitsa. Lamulo lake lalikulu ndi ili: wogaŵira ena pulogalamuyo ayenera kuŵapatsanso malemba onse amene idapangidwira, pamodzi ndi zosintha zake, ndi ufulu womwewo umene iye adalandira. Wosintha pulogalamu kuti aigwiritse yekha sakakamizidwa kuulula kanthu. Ngongole imayamba tsiku limene pulogalamuyo yaperekedwa kwa munthu wina. Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Linus Torvalds wa ku Finland adaika Linux pansi pa laisensi imeneyi m'chaka cha 1992, ndipo Linux yemweyo ndiye ali m'kati mwa mafoni a Android.

Kodi chimachitika nchiyani munthu akanyalanyaza lamuloli? M'chaka cha 2003, kudadziŵika kuti kampani ya Linksys, imene Cisco idagula chaka chomwecho, inkagulitsa makina ogaŵira intaneti otchedwa WRT54G, okhala ndi Linux m'kati, koma malemba ake osaŵapereka. Eni ntchito atadandaula, kampaniyo idatulutsa malembawo. Anthu ena adaŵatenga nayambitsa pulogalamu ya OpenWrt m'chaka cha 2004, imene idapatsa makina otere luso limene analibe pogulidwa. Nkhani siidathere pomwepo. M'chaka cha 2008 bungwe la Free Software Foundation lidasumira Cisco ku khoti la ku New York chifukwa cha katundu wina wa Linksys. M'chaka cha 2009 mbali ziŵirizi zidamvana, ndipo Cisco idavomera kuika munthu woyang'anira kuti malaisensi azitsatidwa.

Si malaisensi onse aufulu amene ali otero. A MIT ndi BSD amangopempha kuti dzina la mwini ntchito ndi mau a laisensi zisafafanizidwe. Wotenga ali ndi ufulu kubisa zosintha zake. Nchifukwa chake kampani ya Sony idakhoza kumanga pulogalamu ya PlayStation 4 pa FreeBSD popanda kuulula zonse zimene idawonjeza.

Tsono wolemba aliyense ali ndi zosankha ziŵiri. Posankha GPL amatsimikiza kuti ntchito yake sidzatsekeredwa, ngakhale kuti makampani ena amaiopa. Posankha MIT kapena BSD ntchito yake imafika kutali, koma zabwino zowonjezedwa mwina sizibwerera kwa iye. Ndipo wobwereka, kaya ali ku Boston kaya ku Blantyre, ayenera kuŵerenga laisensi asanatenge mzere ndi umodzi womwe, pakuti kuchotsa ntchito ya mwini m'katundu wogulitsidwa kale ndi chinthu chovuta ndi chodula.