Musanasiye ntchito yanu kukayamba yokonza kapangidwe ka zinthu zamakono

Mawu amene mneneri wa khonsolo adayankhula pamsonkhano wa anthu a m'mawodi



Ena mwa inu muli pantchito kale. Wina ndi mphunzitsi ku Chilomoni, wina ndi kalaliki m'tauni, wina amawotcherera zitsulo ku Ndirande, koma mtima ukulakalaka kulowa m'makampani a luso lamakono. Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti: kodi munthu amene sadaphunzire kulemba mapologalamu a kompyuta ali ndi malo kumeneko? Malo alipo, ndipo amodzi mwa malowo ndi ntchito imene pa Chingerezi amaitcha product design, ndiko kuti kukonza kapangidwe ka chinthu kuti wochigwiritsa ntchito asavutike nacho.

Taganizirani za gogo wa ku Bangwe amene akugula magetsi a ESCOM pafoni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ayenera kusankha manambala motsatizana, kulemba nambala ya mita, kuika nambala yachinsinsi, kenako kukopera manambala 20 n'kuwalowetsa m'mita. Akachedwa pang'ono, foni imadula ndipo ayambirenso. Padali munthu amene adaganiza kuti mawu ati ayambe, ati atsatire, ndiponso chimene foni inene gogoyo akalakwitsa. Munthu ameneyo akaganiza bwino, gogo amagula yekha magetsi. Akaganiza mwachidule, gogo amatuma mdzukulu n'kumuululira nambala yachinsinsi. Ntchito tikunenayi ndi imeneyo.

Zitsanzo zili pakhomo pathu pomwe. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, madokotala ndi anamwino adagwirizana ndi ophunzira a Rice University ya ku America kukonza makina othandiza ana obadwa masiku asanakwane kuti azipuma. Makina otere ochokera kunja adali okwera mtengo zedi. Iwo adapanga awo oyamba ndi mapampu ang'onoang'ono opopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta m'nyumba, pamodzi ndi botolo la madzi. Adawayesa m'wodi ya ana, namvera zonena za anamwino, nakonzanso. Makinawo adatchedwa Pumani, ndipo adafalikira m'zipatala zambiri za boma.

Chimodzimodzinso bungwe la Baobab Health, limene lidayambira ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Litaona kuti ogwira ntchito ambiri m'zipatala sadazolowere kutaipa, lidakonza makompyuta ongodina pagalasi ndi chala, otulutsa kapepala komata pabuku la kuchipatala la wodwala. Nzeru yake idachokera pakuonetsetsa m'mene kalaliki amagwirira ntchito pamene mzere wa odwala watalika. Nayenso William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo ali ndi zaka 14, atamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014 adakagwirako ntchito ku IDEO.org, bungwe lokonza kapangidwe ka zinthu zothandiza anthu osauka.

Choncho ntchito yanu yakale musaione ngati zaka zotayika. Mphunzitsi amadziwa kuzindikira pamene mwana wasokonezeka ngakhale akugwedeza mutu kuti wamva. Namwino amadziwa kuti chida chofuna manja awiri n'chovuta kwa munthu amene wanyamula khanda. Wogulitsa mayunitsi pamsika wa Zingwangwa amadziwa pamene makasitomala amalakwitsa potumiza ndalama, chifukwa amawaona tsiku ndi tsiku. Mmisiri wa mbaula ku Ndirande amadziwa kale kupanga chinthu, kumva dandaulo la wogula, n'kusintha chogwirira. Nzeru zoterezi siziphunzitsidwa pa intaneti, ndipo kampani yofuna kugulitsa zinthu kwa Amalawi imazifuna.

Zimene muyenera kuwonjezera ndi zinayi. Choyamba, kufunsa anthu mosawaika mawu m'kamwa. M'malo mofunsa kuti chinthu chili bwino kapena ayi, mupatseni munthu achigwiritse ntchito inu mukuyang'ana chete. Chachiwiri, kujambula papepala zimene zidzaoneke pafoni, tsamba ndi tsamba. Chachitatu, kuphunzira pologalamu yojambulira monga Figma, imene woyamba kumene angathe kuigwiritsa ntchito osalipira. Chachinayi, kuyesa zimene mwajambula ndi anthu enieni, kulandira chidzudzulo, ndi kukonzanso. Chingerezi chomveka bwino n'chofunika polemba malipoti, koma Chichewa chanu ndicho chidzakutsegulireni pakamwa pa anthu amene mukuwafunsa.

Olemba ntchito amayang'ana kwambiri zimene munthu wapanga. Ndiye sankhani vuto limodzi la m'dera lanu: kaundula wa ndalama za banki m'khonde, mzere wa pakiyosiki ya madzi ku Machinjiri, kapena malipiro a kabaza. Chezani ndi anthu asanu kapena kuposerapo, lembani zimene mwamva, jambulani njira yatsopano, ibwezereni kwa anthu omwewo, ndipo lembani zimene zidakanika ndi m'mene mudazisinthira. Ntchito ziwiri kapena zitatu zotere, zolembedwa mwadongosolo, zimakuyankhulirani bwino kuposa mulu wa masatifiketi a maphunziro a sabata imodzi.

Tsopano ndinene za zovuta, pakuti walira mvula walira matope. Makampani a luso lamakono m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri ndi ang'onoang'ono, kotero kuti munthu mmodzi amajambula, kufunsa anthu ndi kuthandiza makasitomala nthawi imodzi. Mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe a zaumoyo amafuna luso limeneli, koma malo satuluka mwezi uliwonse. Ntchito za makampani akunja zogwirira kunyumba zilipo, komabe mupikisana ndi anthu a ku Nairobi, Lagos ndi Johannesburg, pamene inu mukulimbana ndi kuzima kwa magetsi ndi mtengo wa bandulo. Amene anali wamkulu pantchito yake yakale angayambirenso pansi, ndi malipiro otsika.

Pachifukwa ichi, inu amene muli ndi lendi ndi fizi ya ana, musafulumire kulemba kalata yosiya ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phunzirani madzulo ndi Loweruka kufikira mutapeza munthu woyamba kukulipirani pa luso latsopanoli. Kambiranani ndi akunyumba, chifukwa ndiwo adzasenze nanu miyezi yowawa. Chenjeraninso ndi otsatsa maphunziro amene amalonjeza ntchito yolipidwa m'madola mukangolipira. Musanapereke ndalama, pemphani kuona ntchito za ophunzira awo akale ndi kumene akugwira. Amene mukufuna maphunziro a nthawi yaitali, kafunseni ku MUBAS ku Chichiri, imene kale inali Polytechnic, kumene kuli malo ophunzirira kukonza ndi kuyesa zida zatsopano.

Kwa makolo, mwana akanena kuti akufuna njira imeneyi, mufunseni akuonetseni chimene wapanga ndi anthu amene achiyesa. Kwa inu a mabizinesi, magulu a banki m'khonde ndi makomiti a chitukuko, wachinyamata akabwera ndi kope kudzafunsa m'mene mumagwirira ntchito, mulandireni ndipo mumuuze zoona, chifukwa mayankho anuwo ndiwo sukulu yake yoyamba.