MASITOLO AAKULU NDI NCHITO KWA ANTHU A PETAUKE NDI NYIMBA



Ambiri a inu mukumbukira masitolo a Boma, a ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni, ndi mizere yaitali ya shuga, sopo ndi saladi m'zaka za m'ma 1980. Boma litaleka malonda amenewo, Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu Lusaka mu 1995. Pick n Pay inafika mu 2010, ndipo Choppies ya ku Botswana inatsatira mu 2015.

Anyamata ndi atsikana afunsa kuti, nanga nchito zili kuti? Zoona, sitolo yaikulu ilemba olandira ndalama, oika katundu m'mashelefu, ophika buledi ndi alonda. Koma malo amenewa ndi owerengeka, ndipo malipiro ake akhala akudzetsa mikangano. Mu October 2013 anchito a Shoprite ananyanyala; kampaniyo inacotsa anthu pafupifupi 3,000, niwabweza pa nchito Boma litaopseza kuilanda laisensi.

Ine ndiona kuti gawo lathu lalikulu lili kumunda ndi kudimba. Shoprite itafika ku Chipata, alimi a ku Luangeni anataya msika wa ndiwo zao, pakuti masamba anali kucokera kutali. Anadandaula kolimba, nagwirizana, ndipo pambuyo pa zokambirana anayamba kupereka ndiwo zao ku sitoloyo. Cimene anaphunzira ndi ici: sitolo sifuna dengu limodzi lero, mawa zii! Ifuna kabici ndi matimati ofanana kukula, sabata ndi sabata, ndi m'dzinja momwe. Mlimi mmodzi sangathe zimenezo. Kopaletivu yosunga bwino mabuku ake ingathe.

Ku Nyimba azimai athu athamangira mabasi pa Great East Road ndi nthoci pamutu, ndipo zotsala dzuwa likalowa ziolera m'manja mwao. Cimandiwawa mtima, cifukwa ku Lusaka nthoci zigulidwa pa sikelo.

Za nshawa njira inatseguka kale. COMACO igula nshawa kwa alimi a m'cigwa ca Luangwa ndi kupanga ciponde ca It's Wild! cimene cigulitsidwa m'masitolo aakulu. Koma nshawa za cuku ogula azikana. Cotero, atsogoleri a m'midzi, uzani anthu anu kuti aumitse nshawa bwinobwino, azisankhe, ndipo aleke kuziwaza madzi pofuna kuzisenda.