Magetsi a Dzuwa ndi Midzi Yathu ya Kunyanja

(Mau amene Mlembi wa Nthambi ananena pa msonkhano wa mamembala)

Lero tifuna kukambirana nanu za magetsi. Tonsefe tidziwa kuti magetsi ambiri a dziko lino achokera pa mtsinje wa Shire, kuyambira pa Nkula pamene makina oyamba anayamba nchito m'chaka cha 1966. Madzi amene azunguza makinawo ndi a nyanja yathu yomwe ino, koma nthambo zake sizinafike m'midzi yambiri ya m'mphepete mwa nyanja. Ndiponso tikumbukira kuti mu January 2022 namondwe wochedwa Ana anaononga pa Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Apo tinaphunzira kuti si nzeru kudalira mtsinje umodzi wokha.

Tsono tamverani za anzathu a ku Likoma ndi Chizumulu. Zilumba zimenezi ziri kutali pakati pa madzi, kotero kuti nthambo za kumtunda kuno sizifikako. Kwa zaka zambiri iwo anali kudalira majenereta a dizilo, ndipo mafutawo anali kubwera pa sitima. Sitima ikachedwa, kapena mwera ukakula, mafuta anali kuchepa, ndipo ngakhale masiku abwino magetsi anali kuyaka maola owerengeka okha. M'chaka cha 2020 kampani ya boma ya EGENCO inaika makina a dzuwa, megawati imodzi ku Likoma ndi makilowati 300 ku Chizumulu, pamodzi ndi mabatire osunga mphamvu. Majenereta sanawataye ai, anawasunga kuti azithandiza pamene mphamvu ya dzuwa yaperewera.

Kumtunda kunonso nchito yotere yakula. Ku Salima anatsegula malo a mamegawati 60 m'chaka cha 2021, ndipo ku Golomoti a mamegawati 20 okhala ndi mabatire m'chaka cha 2022. Koma tizindikire kusiyana kwake. Magetsi a ku Salima ndi ku Golomoti alowa mu nthambo zazikuru za dziko lonse, chotero mudzi umene ulibe mapolo supindula nawo, ngakhale uli pafupi. A ku Likoma apangidwa pomwepo ndi kugwiritsidwa nchito pomwepo. Njira yachiwiriyi ndiyo iyenera midzi yakutali monga yathu.

Kodi ife tiwafuniranji magetsi? Asodzi adziwa. Chambo chikagwidwa m'mawa, pofika madzulo chayamba kununkha, ndipo wogula wochokera kutauni anena mtengo umene afuna iye, pakuti adziwa kuti ife sitingathe kudikira. Pakanakhala makina opanga madzi oundana pagombe, msodzi akanatha kukana mtengo woipa. Amai adziwanso za kuchira usiku ku chipatala chaching'ono, namwino akuunika ndi tochi, ndi za katemera amene aonongeka ngati palibe fuliji. Ife aphunzitsi tiona ana a Standard 8 akubwera ndi maso ofiira chifukwa cha utsi wa koloboyi.

Koma akuru anati walira mvula walira matope. Dzuwa ndi laulere, inde, koma makina ake si aulere. Magalasi aja apanga magetsi usana wokha, ndipo za usiku zonse zidalira mabatire. Batire ikalamba pakapita zaka, ndipo kugula ina ndi ndalama zambiri. Pfumbi likakuta magalasi mphamvu ichepa, chotero pafunika munthu wowatsuka. Taona m'masukulu ndi m'zipatala zina masola amene anthu achifundo anapereka, ndipo lero angokhala padenga ngati chokometsera nyumba, chifukwa panalibe wosunga ndalama za batire, kapena wodziwa kukonza, kapena mbala zinadula nthambo. Bvuto silinali dzuwa ai, koma kuti chinthucho chinalibe mwini.

Chifukwa chake tipempha nthambi yathu ibvomereze zinthu zinai. Choyamba, tilembe maina a nyumba zonse, magolosale, zigayo ndi asodzi amene afuna magetsi, ndi ndalama zimene ataya mwezi uli wonse pa parafini, makandulo, mabatire a tochi ndi kutchajitsa mafoni. Pempho lokhala ndi chiwerengero limveka msanga koposa madandaulo a pakamwa. Chachiwiri, mafumu athu aganizire malo oikapo makinawo, ndipo ngati munda wa munthu utengedwa, chipukuta misozi chake chilembedwe poyera asanayambe kukumba. Chachitatu, tisankhe anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu amene angakaphunzire nchito ya magetsi, kuti fyuzi ikapsya tisadikire munthu wochokera ku Lilongwe. Chachinai, tigwirizane kuyambira tsopano kuti ali yense adzalipira magetsi amene agwiritsa nchito, ngakhale Mlembi, ngakhale Wapampando, ndi kuti buku la ndalama lidzawerengedwa pamaso pa anthu.

Tikatha izi, tidzatenga pempho lathu kunka nalo ku Khonsolo ya Boma lathu ndi kwa Phungu wathu, ndi kufunsa ngati mudzi wathu ungalowe mu nchito ya MAREP, imene ifikitsa magetsi kumidzi. Kaundula adzakhala pasukulu Loweruka m'mawa. Amene sadziwa kulemba asachite manyazi, tidzawalembera ife.