MULUNGU ANAYAMBA WAMDYETSA ELIYA

(Ulaliki wa pa wailesi m'sabata la Apollonia Woyera. Mau a Mulungu: 1 Mafumu 19)



 Pa 9 Febuluwale Eklezia amakumbukira Apollonia Woyera, mai wachikulire wa mumzinda wa Alexandria, amene anafera chipembedzo m'chaka cha 249. Episkopi wa mzindawo, Dionysius, analemba m'kalata yake kuti gulu la anthu litaukira Akristu, linagwira maiyu ndi kummenya m'nsagwada kufikira mano ake onse atachoka. Pambuyo pake anafera pamoto posafuna kukana Kristu. Nchifukwa chake Akristu amamtenga ngati nkhoswe ya odwala mano ndi ya madokotala a mano. Patangopita masiku awiri, pa 11 Febuluwale, timasunga Tsiku la Odwala, limene Papa John Paul II anakhazikitsa m'chaka cha 1992. Tsono pakati pa masiku awiriwa tiyeni tiganizire anthu amene sitiwatchula kawirikawiri m'mapemphero athu: ana athu amene akuphunzira udokotala wa mano.

Kwa zaka zambiri, mwana wa m'dziko muno wofuna kukhala dokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka kuti tiri anthu oposa 17 miliyoni, koma madokotala a mano m'dziko lonse sankafika ngakhale 50. Ntchito yaikulu inali m'manja mwa othandizira odwala mano amene amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. M'chaka cha 2019 sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ku Scotland, inatsegula maphunziro athunthu a udokotala wa mano. Ndipo kuyambira 2021 sukuluyi iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Tithokoze Mulungu chifukwa cha mwai umenewu. Koma tikumbukenso kuti pamene antchito ali ochepa, katundu amene aliyense wa iwo asenza amakhala wolemera.

Ambiri a ife sitidziwa zimene ana amenewa amapitamo. Zaka zoyamba amaphunzira thupi lonse la munthu monga anzao a udokotala wina. Kenaka amakhala miyezi yambiri atawerama pa mitu ya zidole, kuphunzira kuboola ndi kumata mano opangidwa ndi pulasitiki, akuyang'ana m'kagalasi kakang'ono kamene kamaonetsa zinthu motembenuza. Kulakwitsa ndi milimita imodzi yokha, ntchito yonse iyenera kuyambidwanso. Tsiku limafika loti akumane ndi munthu wamoyo. Munthuyo wabwera tsaya litatupa, sanagone masiku atatu, akunjenjemera poona jekeseni. Wophunzirayo nayenso ali ndi mantha, koma saloledwa kuwaonetsa: dzanja lake liyenera kukhala lokhazikika, mau ake ofatsa, pamene mphunzitsi waima pambuyo pake kumpatsa malikisi. Madzulo msana ukuwawa, mabuku akumdikira, mayeso ali pafupi.

Pamwamba pa zonsezi pali katundu wina amene timawasenzetsa ndife a kumudzi. Taganizirani mtsikana wa m'Limana mwathu amene wasankhidwa kupita ku maphunzirowa. Bambo agulitsa mbuzi, malume asonkha, Mphakati wonse wamperekeza ndi nthungululu. Asanamalize ngakhale chaka choyamba, mudzi wonse wayamba kale kumtchula kuti adokotala. Tsono tsiku limene adzalephere mayeso amodzi, adzauza yani? Akaimba foni kunyumba, timamfunsa za malikisi ndi za tsiku lomaliza sukulu. Sitimfunsa ngati akugona tulo, ngati akudya, ngati ali ndi mnzake womuuza zakukhosi. Iye amangoyankha kuti zonse ziri bwino, nadula foni, nalira yekha.

Ophunzira athuwa amadziwa bwino m'mene dzino limaolera. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zotsalira za shuga m'kamwa, ndi kutulutsa asidi amene amanyenya pang'onopang'ono chikutiro cholimba cha dzino. Poyamba sipamveka ululu konse, ndipo munthu amaseka ndi anzake mano ali mbee! Kabowoko kakafika mkati, pamene pali mtsempha, mpamene munthu amagubuduka usiku wonse. Akadabwera msanga, dokotala akadangomata. Pochedwa, dzino lizulidwa. Mtima wa munthu uli chimodzimodzi. Nkhawa yosaululidwa imadya mwakachetechete. Munthu amayamba kusowa tulo, kusafuna chakudya, kudzipatula kwa anzake, kusiya Misa ndi mapemphero, mwina kuthawira ku mowa. Ndipo ena amafika pomaganiza kuti kufa nkwabwino koposa kukhala moyo.

Kodi munthu wotere wataya chikhulupiriro? Iai, abale athu. Malembo Oyera atisimbira za mneneri Eliya. Munthu uyu anali atangopambana aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, anthu onse akuona. Koma Yezebele atamuopseza kuti amupha, mphamvu zake zinatheratu. Anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nayenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu. Atakhala pansi pa kamtengo, anapempha Mulungu kuti angochotsa moyo wake. Ameneyu sanali munthu wofooka pa chipembedzo. Anali mneneri wamkulu wa Israele.

Tsono tamvani zimene Mulungu anachita. Sanamkalipire, sanamuuze kuti aonjeze kusala kudya, sanamkumbutse za zozizwitsa za dzulo. Anamleka agone. Kenaka mngelo anamdzutsa, namuonetsa mkate wophikidwa pa miyala yamoto ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya, namwa, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya, pakuti ulendo unali wautali. Atayenda masiku 40 mpaka ku phiri la Horebu, mpamene Mulungu anamfunsa chimene chinamfikitsa kumeneko, namlola kukhuthula madandaulo ake onse, kawiri konse. Mulungu sanadzionetse m'chimphepo, kapena m'chivomezi, kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi. Potsiriza anamdziwitsa kuti sali yekha monga ankaganizira, pakuti kunali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Ndiponso anampatsa mnzake wa pa ntchito, Elisa.

Onani dongosolo la Mulungu: tulo, chakudya, khutu lomvetsera, ndi mnzako woyenda naye. Iye amene analenga mzimu ndiye analenganso thupi ndi maganizo, ndipo sachiritsa chimodzi ponyoza chinzake. Ambuye Yesu nayenso, ataona atumwi ake atatanganidwa kotero kuti analibe mpata wakudya, anawatengera ku malo a okha kuti akapumule.

Pamenepa ndi pamene chikhulupiriro chimathandiza wophunzira. Sichimlonjeza kuti adzakhoza mayeso onse. Chimamuuza kuti mtengo wake pamaso pa Mulungu sunalembedwe pa pepala la mayeso: anali mwana wa Mulungu pa tsiku la Ubatizo, asanadziwe nkomwe kuti munthu wamkulu ali ndi mano 32. Chimampatsa malo amene angavule chovala choyera cha ntchito, nagwada monga munthu wosauka, osanamizira mphamvu. Chimamuonetsanso nkhope ya Kristu mwa gogo wamantha amene wakhala pa mpando wozulira mano, kotero kuti ntchito ya tsiku ndi tsiku isanduka pemphero. Koma pemphero silitseka khomo la chipatala. Ndani mwa ife, dzino litatupa, amangonena Korona osapita kukaonetsa? Motero kupita kwa aphungu kapena kwa dokotala wa maganizo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndiko kulandira mkate umene mngelo waika pafupi ndi mutu wathu. Eklezia yemwe amagwira ntchito imeneyi: Abale a Chipani cha Yohane wa Mulungu Woyera akhala akusamala odwala maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Inu makolo, mwana akabwera ku tchuthi ali wofooka ndi wosalankhula, musafulumire kunena kuti wayamba kunyada kapena kuti walodzedwa. Mdyetseni, mlekeni agone, kenaka khalani naye pansi mumve. Muuzeni ndi pakamwa panu kuti ngakhale atabwereza chaka, khomo la nyumba yanu silidzatsekeka. Inu akatekisiti ndi atsogoleri a Malimana, dziwani maina a ana a m'dera lanu amene ali ku sukulu zimenezi; alembereni, aimbireni, osati kukawapempha mankhwala, koma kuwafunsa za moyo wao. Ndipo mwana akatchula zofuna kudzipha, musaseke, musamuopseze ndi moto wa ku Gehena, musamsiye yekha. Mperekezeni ku chipatala tsiku lomwelo.

Ndipo inu ana athu ophunzira, mumauza odwala kuti asamadikire ululu. Mverani malangizo anu omwe. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Pezani mnzanu mmodzi, wansembe, kapena mphunzitsi amene mungamuuze zoona. Sungani Lamulungu, sungani tulo tanu, ndipo musachite manyazi ndi misozi.

Tipemphere. Inu Mulungu, amene munadyetsa mtumiki wanu Eliya m'chipululu, yang'anani ana athu amene akuphunzira kuchiza abale ao. Limbitsani manja ao, khazikitsani mitima yao, ndipo tipatseni ife makutu omva kulira kwao kusanafike poipa. Tikupempha mwa Kristu Ambuye wathu. Amen.

Apollonia Woyera, mutipempherere ife.