Msoti wa ng'ombe: tiukweretse liti, ndi mbewu yanji?

 Ndaona m'makola mwanu kuno ku Magomero muli misoti yambiri, ina mwalandira pa ndondomeko yopatsirana ng'ombe. Lero tikambe za bere loyamba la msoti, chifukwa ndi pomwe alimi ambiri amataya ng'ombe.

Ndikudziwa mtima uli pa mkaka, ndipo mukufuna kuyamba kupita nawo ku gulu la mkaka msanga. Koma msoti ukayamba kulira kufuna nkhunzi sindiye kuti wakhwima. Udikireni ufike miyezi 15 mpaka 18, ndipo muyang'anenso thupi: wa mtundu wa Friesian ufike makilogalamu pafupifupi 300, wa Jersey cha m'ma 230. Timayeza ndi tepi yokulunga pachifuwa. Msoti wokweredwa uli wanthete umapinimbira, chiuno chimakhala chopapatiza, ndiye tsiku lobereka thole limakakamira panjira. Ndinaonapo bambo wina akukoka thole ndi chingwe usiku wonse, kutacha anataya thole ndi make yemwe. Zimandiwawa mpaka lero.

Tsono mbewu. Pa bere loyamba ine ndimalimbikitsa Jersey, chifukwa thole lake limabadwa laling'ono, limatuluka mosavuta. Friesian yaikulu ija muisungire bere lachiwiri. Ngati msoti wanu ndi wachikuda, wa Zebu, apo ndiye musayerekeze n'komwe kuupatsa Friesian.

Njira zokweretsera zilipo ziwiri. Nkhunzi ya m'mudzi ili pafupi, koma funsani kaye: kodi si bambo wake wa msoti womwewo? Magazi akabwererana, matole amabadwa ofooka. Nkhunzi yoyenda makola ambiri imathanso kufalitsa matenda otayitsa bere. Njira inayo ndi umuna wa m'kachubu, umene ambiri mumangoti AI. Sitikusowa kopita, malo a ziweto a Mikolongwe ali m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu, ndipo a gulu lanu la mkaka, kudzera ku bungwe la alimi a mkaka la SHMPA, amadziwa woikira umuna amene ali pafupi. Akafika mumuuze kuti ndi bere loyamba, muone dzina la nkhunzi pa kachubuko, mulilembe m'kope.

AI imafuna maso anu. Msoti ukamalira pafupipafupi, ukamatulutsa chikazi choyera chonanda, ukamaima chilili inzake ikaukwera, nthawi yakwana. Mukaona m'mawa, uikidwe madzulo. Mukaona madzulo, uikidwe m'mawa mwake. Mukachedwa mudikiranso masiku 21. Amayi, inu amene mumakhala pafupi ndi khola, nambala ya woikirayo ikhale m'foni mwanu, osadikira kuti bambo abwere kaye kuchokera ku Namadzi.

Ukatenga, werengani miyezi 9 ndi masiku ochepa. Muupatse nsenjere, masangwi a mtedza, madeya ndi mchere, poti iwo womwe ukukulabe uku ukulera thole m'mimba.

Tikabalalika pano tipite tonse ku khola lapafupi, ndakutengerani tepi kuti aliyense ayeze ndi manja ake.