CIPEWA CA JOHN CHILEMBWE MU MZINDA WA LONDON



Lero tifuna kukamba za cipewa. Musaseke ai, pakuti nkhani yace inathera pa mwazi.

M'masiku a Atsamunda, munthu wakuda akakumana ndi Mzungu pa njira anayenera kubvula cipewa cace. Wokana anali kutukwanidwa, mwina kumenyedwa kumene. Mbusa John Chilembwe, amene anapita ku Amerika ndi Joseph Booth m'caka ca 1897, nabwera mu 1900 kudzayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu, sanaone cifukwa cobvulira. Mu 1914 anajambulitsa cithunzi pa chalichi cace catsopano ca njerwa, ataima ndi mnzace Wacizungu, John Chorley, cipewa ciri kumutu.

Kodi mlandu unali wa cipewa cokha? Iai. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu anali kulira ndi thangata, ndipo nyumba zao zopemphereramo zinali kutenthedwa. Nkhondo ya 1914 itabuka, anyamata athu anatengedwa kukafera mlandu umene sanaudziwe. Chilembwe analemba kalata yodandaula ku Nyasaland Times, koma Boma linatseka makutu. Pa 23 January 1915 anthu ace anauka, napha W. J. Livingstone, woyang'anira minda ija. Boma linabwezera koposa. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February, anthu makumi angapo ananyongedwa kapena kuomberedwa, chalichi cinagumulidwa, ndipo mtembo wace unaikidwa mobisa kuti pasapezeke manda olirapo.

Anagumula njerwa, koma cithunzi cija cinatsala. Patapita zaka 107, pa 28 September 2022, mwana wa dziko lino, Samson Kambalu, mmisiri wophunzitsa ku Oxford, anaimika ciboliboli cocokera pa cithunzico pa bwalo la Trafalgar Square, pakati peni-peni pa London. Anacicha dzina lakuti Antelope. Chorley anamuumba pa msinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe anamtalikitsa ngati ciphona, kuti amene mabuku a Azungu anamcepsa aoneke ukulu wace. Cinaima pamenepo kufikira 2024.

Taganizani za anansi ace pa bwalo limenelo: Charles Napier ndi Henry Havelock, akazembe amene anathira nkhondo anthu a ku India. Kwa zaka ziwiri mbusa wa ku Chiradzulu anaima pamodzi nao, osabvula cipewa.

Ena adzati, "Ciboliboli sicidzutsa wakufa." Nzoonadi. Koma ngati cilibe mphamvu, nanga Atsamunda anatayiranji ndalama kuimika zao m'mizinda yathu? Anadziwa kuti mwana wopita pa mseu amaphunzira ndi maso kuti bwana ndani, wa nchito ndani. Ncifukwa cace ophunzira a pa University of Cape Town anaukira ciboliboli ca Cecil Rhodes, uja dzina lace linapatsidwa ku maiko awiri a Citaganya, mpaka cinacotsedwa pa 9 April 2015. Iwo anagwetsa, Kambalu anaimika, koma nchito ndi imodzi: kubweza mbiri kwa eni ace.

Tsono ife kwathu kuno titani? Nkhope ya Chilembwe iri pa ndalama zathu, ndipo timamkumbuka pa 15 January. Koma ndani wa ife angachule maina asanu a anthu ace amene ananyongedwa? Pa 3 March 1959, pamene tinali kukana Citaganya, asilikari anaombera khamu la anthu pa dooko la Nkhata Bay. Bungwe la Devlin, lotumidwa ndi Boma la Britain lomwe, linawerenga akufa 20 pamenepo, ndi 51 m'dziko lonse. Kodi ana athu awadziwa?

Akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto. Amene anaona za 1959 ndi maso ao atsala owerengeka. Tipite kwa iwo asanatisiye, tilembe maina ndi malo amene munthu ali yense anagwera. Osema aseme, ojambula ajambule pa zipupa za sukulu ndi za misika, oyimba apeke nyimbo. Tisadikire kuti a ku London ayambe ndiwo kutikumbutsa za akufa athu.